Mwana wanu akuyang'ana buku, sakuphunzira

Ndisanafike ndi pakati pomwe pa kalata ya mayi wina wa ku Chipoka, ndinali nditadziwa kale kumene ikulowera, chifukwa makalata otere amabwera chaka chilichonse MSCE ikayandikira. Iwo akuti: "Mwana wanga ali Fomu 4 pa CDSS ina kuno. Sagona. Amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira n'kumawerenga mpaka tambala woyamba. Patitaimu timalipira, mapamfuleti tinagula, koma pa moku wapeza mapointi 38. Bambo ake akufuna adzakhale dokotala. Kodi mwanayu alibe mutu, kapena pali dzanja la munthu?"

Mayi, mutu ali nawo, ndipo palibe wamulodza. Kawerengedwe kakeko ndi komwe kakumupusitsa.

Mwana akawerenga notsi zomwezo kachitatu, mawu onse amaoneka achizolowezi, mtima n'kumuuza kuti wazidziwa. Zili ngati munthu amene mumakumana naye kawirikawiri pa Kamuzu Road: nkhope mukuidziwa bwinobwino, koma wina akati "dzina lake ndani?" mumangoti kakasi. A MANEB safunsa nkhope. Amakupatsa funso ndi malo opanda kanthu, yankho lichoke m'mutu mwako.

Izi si nzeru zanga. Mu 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene taphunzira kumene zimathawa msanga m'maola ndi masiku oyambirira, komanso kuti kubwereza patapita masiku kumagwira kuposa kuunjika zonse tsiku limodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anangoiwerenga mobwerezabwereza, pomwe ena anaiwerenga ulendo umodzi, kenako n'kumalemba zomwe akukumbukira osaonera. Atayesedwa patangopita mphindi 5, obwereza aja anapambana. Koma patatha sabata, iwo anakumbukira 40 pa 100, anzawo odziyesa aja 61 pa 100. Chomvetsa chisoni n'chakuti obwerezawo ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti sadzaiwala. Ndiye mwana wanuyo ndendende. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zowerengera, ndipo ziwiri zokha zinatuluka pamwamba: kudziyesa, ndi kumwaza kuwerenga pa masiku angapo. Kubwereza notsi ndi kudula mizere kunsi kwa mawu, zomwe ana athu amakonda, zinali m'gulu lapansi.

Tsono iwe mnyamata, mvera kuno. Werenga mutu umodzi wa Biology, tinene za mtima ndi kayendedwe ka magazi. Tseka kope, uliike pansi pa mphasa ngati n'kotheka. Tenga pepala, jambula mtima, lemba mayina a zipinda zake zinayi ndi mitsempha yake, fotokoza kumene magazi akuchokera ndi kumene akupita. Ukatha, tsegula kope uchonge ndi cholembera chofiira. Tsiku loyamba pepalalo lidzafiira, udzadziona ngati mbuli, udzalakalaka kubwerera ku kawerengedwe kako kokoma kaja. Usabwerere. Kuvutika kofufuza yankho m'mutuko ndi kumene kumalikhomerera. Zomwe waphonya uziyesenso mawa, kenako pakapita masiku atatu, kenakonso pakatha sabata.

Mapepala akale a MANEB si owerenga mayankho ali pambali. Ika wotchi patsogolo, lemba ngati tsiku lenilenilo, uchonge pambuyo. Pa Masamu usamangosova mafunso a mtundu umodzi mpaka dzanja kuzolowera. Uzisakaniza, chifukwa pa mayeso funso silinena mutu umene lachokera. Ndipo kagulu kanu kowerengera limodzi, kamene mmodzi amawerenga mokweza ena akusinza kapena kuseweretsa foni, kasinthe. Muzifunsana mafunso makope atatsekedwa.

Madzi a m'beseniwo mukathirire masamba. Ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira pamene munthu ali m'tulo, ndiye mwana wochezera usiku wonse akufufuta yekha ntchito yake, m'mawa n'kukasinzanso m'kalasi.

Makolo mumanditopetsa pamenepa. Mumayeza maphunziro ndi maola amene tochi yayaka, mwana akagona msanga mumati ndi waulesi. Mumalipira patitaimu osafunsa zimene zimachitika kumeneko. Ngati aphunzitsi ake amangolembetsa notsi zina pamwamba pa za kusukulu, mukugula chinthu chimodzi kawiri. Afunseni ngati amapereka mafunso, kuchonga ndi kumuonetsa mwana pomwe walakwa. Inunso mayi, ngakhale Chemistry simuidziwa, kugwira kope n'kumufunsa mungathe. Mupatseninso mpata masana m'malo momutuma uku ndi uku mpaka dzuwa kulowa.

Za udokotala, sindikunamizani. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo, ndipo wa makirediti 6 sapyola mapointi 36. Ndiye 38 ikutanthauza kuti pakadali pano ngakhale pakhomo sanafike. Ku KUHeS, yunivesite ya boma yophunzitsa zaumoyo, malo a udokotala amalimbirana ana a dziko lonse okhala ndi ma 1 ndi ma 2 pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Kuchoka pa 38 kukafika kumeneko m'miyezi yochepa yatsalayi, ine sindikuziona. Bambo ake amve zimenezi lero, asadzathamangitse mwana pakhomo zotsatira zikadzatuluka. Kodi anamufunsapo mwini wakeyo chomwe akufuna?

Chotheka chilipo. Ma 7 ndi ma 8 angasanduke makirediti ngati asintha kawerengedwe sabata ino, osati mwezi wamawa. Makirediti abwino pa sayansi amatsegula njira ya unamwino kapena Malawi College of Health Sciences, ndipo ngati manja ake ndi aluso, Salima Technical College ili pomwepa ku Senga Bay. Kubwereza Fomu 4 nakonso si mlandu, bola asakabwereze ndi beseni lomwe.

Poyambira, akatenge mapepala ake a moku kwa aphunzitsi, aone phunziro lomwe anagwa kwambiri, alembenso mafunso onse amene analakwa kope litatsekedwa. Pakatha milungu inayi mudzandilemberenso, mudzandiuze zomwe wapeza pa pepala lakale limene walemba yekha ndi wotchi.