Kodi Kalulu akuphunzitsa ana athu dyera?

Sabata yatha mayi wina wa ku Zomba adanditumizira imelo yomwe yandigoneka mochedwa masiku angapo. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 6 wayamba kubisa chakudya. Tsiku lina adapeza mbatata yootcha pansi pa pilo, mnyamatayo atabisira mlongo wake. Mayiwa amasimbira ana awo nthano madzulo aliwonse, ndipo akuti Kalulu akapusitsa anzake, mwanayo amaomba m'manja. Funso lawo ndi ili: "Kodi kudzikonda munthu amabadwa nako, kapena ndine ndikumuphunzitsa ndi nthanozi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Ndiyambe ndi kukupemphani kuti nthanozo musazisiye.

Inde, mbali ina timabadwa nayo. Khanda likamva njala limalira, silifunsa ngati amake atopa kapena akudwala. Popanda kulirako silingakule. Koma inu mwalera, mukudziwanso kuti mwana yemweyo, asanadziwe n'kuyankhula komwe, amatenga kachidutswa ka chitumbuwa konyowa ndi malovu n'kukakamiza kuti akuikeni m'kamwa. Palibe adamuphunzitsa. Zonse ziwiri amafika nazo, ndipo chimene chimakula ndi chomwe pakhomopo chikuthiriridwa.

Chichewa chathu sichiika zonsezi m'dengu limodzi. Munthu wosamala zake sitimunyoza. Amene timamunena ndi woumira, womana, waumbombo, wadyera. Tamvetserani mawu oti dyera: mkati mwake muli kudya. Ndi munthu amene amakuyandikira chifukwa cha chomwe adyepo, zikatha osamuonanso. Pafupifupi mawu athu onse onyoza khalidweli amazungulira mbale ya nsima, ndipo nthano zathu nazo zili pomwepo.

Tengani nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidagwirizana zokumba, Kalulu adakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera usiku ndi uchi, kunyengerera mlonda, kumumanga, kenako kutunga ndi kusambamo. Ana amaseka pamenepa, ndipo ayenera kuseka, chifukwa kanyama kakang'ono kakugonjetsa zilombo zamphamvu. Mwana wa zaka 6 amakhala pakati pa zimphona tsiku lonse, aliyense amamulamula, ndiye mwa Kalulu amadziona yekha. Koma nthanoyo sithera apo. Amabwera Kamba, wonyozeka, woyenda pang'onopang'ono, atadzipaka phula pamsana. Kalulu amamenya ndi dzanja, dzanja limakakamira, amamenya ndi mwendo, nawo umakakamira, mpaka m'mawa nyama zonse zimamupeza ali pomwepo. Kalulu akamapusitsa Mkango kuti apulumuke, nthano imakhala kumbali yake. Akaipitsa madzi a mudzi wonse, imamugwiritsa manyazi pagulu. Agogo athu ankasiyanitsa ziwirizi bwino lomwe.

Fisi ndi nkhani ina. Iye sachitiridwa chifundo, ngakhale njala yake ndi yofanana ndi ya wina aliyense. Vuto lake sadziwa mawu oti basi. Pamphambano adamva fungo la nyama uku ndi uku, miyendo ina adaiponya njira iyi, ina njira inayo, mpaka adang'ambika. N'chimodzimodzi ndi pusi wa pamwambi uja, ichi chakoma ichi chakoma, mpaka kugwa chagada. Ndipo si ife tokha tidamuona munthu wotereyu. Mu 1886 mlembi wa ku Russia, Leo Tolstoy, adalemba za mlimi wina, Pahom, yemwe adauzidwa kuti malo onse amene angawazungulire wapansi dzuwa lisanalowe akhala ake. Ankati akaona dambo lachonde n'kukhotera komweko, mpaka adathamanga mopitirira mphamvu zake, adafika n'kugwa n'kufa. Malo amene adapeza ndi a manda ake. Amene mudaonapo abale akusiya kuyankhulana chifukwa cha malire a munda mukumudziwa Pahom.

Pali nthano ina imene ndili mwana inkandiopsa, ya chaka cha njala pamene Kalulu ndi Fisi adapangana zopha amayi awo kuti pakamwa pachepe. Fisi adaphadi, Kalulu adakabisa amake. Ndidakula ndisanamvetse chifukwa chake akuluakulu ankasimbira ana zinthu zoopsa chotere. Ndidadzamvetsa nditadziwa kuti nthanozi zidabadwira m'njala yeniyeni. Njala ya 1949 itavuta kummwera, amayi a m'midzi ya boma la Blantyre adaisunga m'nyimbo za pamtondo. Wolemba mbiri Megan Vaughan adacheza nawo n'kutulutsa buku mu 1987, ndipo chimene amayiwo ankabwereza n'choti amuna ambiri adapita kukasaka chakudya, ena osabwereranso, kusiya akazi ndi ana. Nyimbozo zinali bwalo la milandu la anthu opanda kwina kokadandaula.

Ine yanga ndi ya 2002. Ndinali kumudzi kwa azakhali anga mwezi wa February, nthawi imene anthu ankadya madeya ndi mizu. Azakhaliwo adali mayi wopatsa, pakhomo pawo mlendo sankachoka osalawa kanthu. Koma chaka chimenecho kaufa katatsala pansi pa thumba, adayamba kuphika usiku, chitseko chotseka, moto wochepa kuti utsi usaoneke. Tinkadya mwakachetechete, osagunditsa mbale. Usiku wina mwana wa pakhomo loyandikana adakhosomola panja, ndipo tonse tidaima ndi mbamu m'manja. Azakhali adakhala chete kanthawi, kenako adanyema nsima ya pa mbale yawo, adatsegula chitseko n'kumupatsa. Atabwerera sadadyenso, ankangopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mpaka adamwalira, nkhani ya kuphika usiku sankafuna kuti itchulidwe.

Sindingawatche odzikonda. Anali ndi ana asanu owayang'ana. Koma manyazi amene adamva aja ndi amtengo wapatali, ndipo sadagwe kumwamba. Adawaphunzira pamoto, kwa anthu amene ankati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa njalayo isanafike pachimake, ndipo amene adapindula nacho sanali anthu ogona ndi njala. Azakhali ankabisa chifukwa cha mantha. Enawo ndiwo a Fisi enieni, ndipo sindidamvepo kuti adalira.

N'chifukwa chake, mayi, musanamuweruze mwana wanu, fufuzani kaye ngati mbatata ija idabisidwa ndi umbombo kapena ndi mantha. Kodi pa mbale amadya mochedwa, anzake n'kumutsirizira ndiwo? Kodi kusukulu alipo amene amamulanda kamba wake? Mwana amene amakhulupirira kuti mawa chakudya chidzakhalapo sabisa kawirikawiri. Ndipo chonde musamutche Fisi pamaso pa mlongo wake kapena alendo. Dzina lotere limamatirira, ndipo mwana amatha kuyamba kulikwaniritsa.

Kwathu amayi ankachita izi: chinthu chikakhala chimodzi, wina amagawa, winayo ndiye amayamba kusankha. Mudzaona mmene mnyamata wanu adzayezere mbatatayo mosamala. Akagawa bwino, muyamikireni pomwepo, mlongo wake akumva.

Madzulo ano asimbireni ya chitsime ija, koma musaidule pamene Kalulu akusamba. Ifikitseni kwa Kamba. Mukatha musafotokoze tanthauzo lake, ingomufunsani kuti nyama zija zidamva bwanji m'mawa zitapeza madzi ali matope, ndipo mudikire yankho lake ngakhale lichedwe. Mudzandilemberenso zimene adzayankhe.