Zenoni amagonetsa, sakomola

Funso: Ndine namwino, ndipo ndikumasulira m'Chichewa nkhani ya mpweya wotchedwa xenon, womwe madokotala ena ku Ulaya amapatsa wodwala kuti aupume asanamuchite opaleshoni. Ndinalemba kuti "mpweya wokomola", koma anzanga akuti ndiopseza odwala. Wina akuti ndilembe "wochititsa dzanzi". Cholondola n'chiti? (Namwino wa ku Zomba)

A namwino, anzanu oyambawo amvereni. Pa malamulo a chiyankhulo simunalakwe: kukomoka ndi kukomola zimayendera limodzi ngati kuduka ndi kudula, kuthyoka ndi kuthyola. Vuto ndi katundu amene mawuwa asenza. Munthu amakomoledwa ndi chibakera, ndi chikuni cha pamutu, ndi ngozi ya pamsewu. Taganizani agogo ali pa bedi la matayala pakhomo la fiyeta, mwana wawo atafumbata chitenje ndi mpango wawo, inu n'kuwerama n'kunena kuti, "Agogo, tikukomolani tsopano." Mtima ungakhale m'malo?

Za dzanzi ndiye ayi ndithu, ndipo apa ndilimbikira chifukwa kusokoneza ziwirizi kumanamiza wodwala. Dzanzi ndi lija limagwira mwendo mukakhalitsa pamphasa: mwendo sukumva kanthu koma mwini wake ali maso. Ndi zimene amachita jakisoni wa kwa dokotala wa mano, kapena wa pamsana uja amabaya amayi obereka kudzera pa opaleshoni, amene amamva mwana akulira koyamba. Mpweya mukunenawu umatenga munthu yense. Umatseka tizipata tina ta mu ubongo totchedwa NMDA, ndipo wodwala sadziwa chilichonse mpaka ntchito itatha.

Choncho lembani "mpweya wogonetsa munthu pa opaleshoni". Mawu otsirizawo musawasiye, apo ayi wowerenga aganiza za mapiritsi a tulo. Samalaninso ndi "kugoneka". Tikamva kuti amalume agonekedwa m'chipatala, timadziwa kuti apatsidwa bedi ku wodi, osati kuti ali pansi pa mpeni.

Pobwerera ku moyo uno, ine ndimakonda "watsitsimuka" kuposa "wadzuka", ngakhale kuti kutsitsimuka kumayendera limodzi ndi kukomoka komwe ndakukanizani. Abale odikira panja akamva kuti wadzuka angayese kuti wakhala kale tsonga ndipo akufuna phala. Mawuwa muwafuna kwambiri m'nkhani yanuyo, chifukwa chimene mpweyawu umatamandidwa nacho n'chomwecho: susungunuka kwambiri m'magazi, ndiye akangoutseka umatuluka msanga ndi kupuma, munthu n'kutsitsimuka posachedwa. Komanso sufooketsa mtima ngati mankhwala ena ogonetsa.

Funso: Chichewa chilibe chilembo cha x. Ndiye dzinali tilembe bwanji, nanga tinene kuti "xenon ndi wodula" kapena "ndi yodula"? (Mphunzitsi wa sayansi, Kasungu)

Aphunzitsi, lembani mmene timatchulira: zenoni, monga tinachitira ndi okosijeni. Chizindikiro chake cha sayansi, Xe, chisiyeni chomwecho pabolodi. Dzinali likakhala lokha limatsata petulo ndi shuga: zenoni ndi wodula, zenoni amapezeka pang'ono. Mukatsogoza "mpweya", mpweyawo ndiwo ulamulire: mpweya wa zenoni umapezeka pang'ono.

Ndipo ndi wodula zedi. Mumpweya umene timapumawu sakwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 10 miliyoni, ndipo kuti amupatule amayenera kuziziritsa mpweya wochuluka mpaka usanduke madzimadzi. N'chifukwa chake zipatala zogwiritsa ntchito zenoni ndi zochepa, ngakhale kuti Stuart Cullen ndi Erwin Gross anagonetsa naye odwala pa opaleshoni kalekale, mu 1951, ku Iowa m'dziko la America.

Ana anu akadzafunsa tanthauzo la dzinali, auzeni kuti linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mlendo. Analipereka ndi William Ramsay ndi Morris Travers, amene anatulukira mpweyawu ku London mu 1898. Koma musalimasulire n'kumati "mpweya wachilendo". Mwana akamva choncho aganiza za fungo losadziwika lomwe lalowa m'kalasi, n'kuyamba kutsegula mawindo.