Hwasa ndi matumbo a ng'ombe: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira ku Zomba. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ndi ake:

"Achemwali, ine Hwasa wa gulu la Mamamoo ndimamukonda moti anzanga amachita kundiseka. Kodi amakonda zakudya zanji, nanga amadya bwanji tsiku ndi tsiku? Anzanga amati oimba a K-pop sadya, amangonyambita apulo basi. Ndikufuna ndiyambe kudya ngati iyeyo, mwina thupi langa lingachepeko. Koma zakudya zakezo ndingazipeze kuno?"

Mng'ono wanga, nditafika pa mawu oti "thupi langa lingachepeko" ndinaseka ndekha. Sindimakuseka iwe ayi. Chinandiseketsa n'choti mwa oimba onse a K-pop, nyimbo za achinyamata za ku Korea, amene ukanasankha kuti akuphunzitse kudzimana, wasankha amene dziko lake lonse limamudziwa chifukwa cha kudya. Ndipo chakudya chimene chinamutchukitsa ndi chomwe chija umachilambalala pa chiwaya ukugwira mphuno: matumbo.

Dzina lake lenileni ndi Ahn Hye-jin. Anabadwa mu 1995 ku Jeonju, mzinda wa kummwera chakumadzulo kwa South Korea umene anthu a kumeneko amaulemekeza pa nkhani ya kuphika. Bibimbap yotchuka kwambiri, mpunga uja wosakaniza ndi masamba, nyama, dzira ndi tsabola, ndi ya ku Jeonju, ndipo mu 2012 bungwe la UNESCO linaika mzindawu pa mndandanda wa mizinda yodziwika ndi zakudya. Tsono mwana wokulira kumeneko, kamwa lake silinamizika. Mamamoo inayamba kuimba mu 2014, koma nkhani ya kudyayi inaphulika mu June 2018, pa pulogalamu ya wailesi ya kanema ya MBC yotchedwa I Live Alone, imene imaonetsa mmene anthu otchuka okhala okha amathera tsiku lawo.

Tsiku limenelo Hwasa anadzuka, n'kupita yekha kumalo odyera ku Seoul, dzuwa lili phwee, n'kukhala pa tebulo la panja, n'kuitanitsa gopchang, matumbo a ng'ombe owotcha. Anadya osayang'ana kamera, osadzikometsa, osaluma pang'onopang'ono ngati mkwatibwi pa tsiku la ukwati. Anangodya ngati munthu amene ali ndi njala ndipo wapeza chimene mtima wake umafuna. Masiku otsatira, malo ogulitsa gopchang m'dziko monse anadzaza, mizere mpaka kumsewu, ndipo ambiri ankatseka msanga chifukwa katundu watha. Atolankhani anachita kuitcha nthawi imeneyo "chipwirikiti cha gopchang". Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ng'ombe imodzi ili ndi matumbo ochepa, ndipo palibe amene amapha ng'ombe pofuna matumbo okha. Anthu ofuna akachuluka mwadzidzidzi, sungauze ng'ombe kuti imere ena.

Gopchang ndi matumbo aang'ono a ng'ombe. Amawatsuka powafikisa ndi ufa wa tirigu ndi mchere kuti fungo lichoke, amachotsa kachikopa kakunja, koma amasamala kuti zonona za m'kati, zimene amazitcha gop, zisatayike, chifukwa kukoma konse kuli pamenepo. Kenako amawawotcha pa chiwaya chachitsulo chimene chili pakati pa tebulo lomwe mukudyeralo, pamodzi ndi anyezi, mbatatesi ndi masamba ena onunkhira ngati adyo otchedwa buchu. Ukatola kachidutswa umakaviika m'mafuta a chitowe othira mchere. Kunja kumakhala kokhukhutika, m'kati mofewa ngati batala. Ali ndi abale ake: daechang, matumbo aakulu odzaza mafuta, yang, yomwe ndi chifu choyamba cha ng'ombe, ndi makchang, chifu chomaliza cha ng'ombe, imene mzinda wa Daegu umanyadira nayo. Nyama ikatha sachotsa chiwaya. Amathirapo mpunga wophika, kimchi (kabichi wowawasa wa tsabola) wodulidwa ndi ndere zouma za m'nyanja, n'kukazinga m'mafuta otsalawo mpaka pansi pachite nkhoko, anthu n'kumakanda ndi masipuni. Hwasa naye anamaliza ndi mpunga umenewu. Iwe amene unalimbiranapo nkhoko za m'mphika ndi abale ako, palibe choti ndikufotokozere apa.

Ndiye taganiza za nthumbwana, matumbo a mbuzi okulunga pa chifu aja, kapena zam'kati zimene zimatuluka utsi madzulo pa msika uliwonse, tsabola wa kambuzi ndi mchere zili pambali. Kusiyana kulipo, inde, pa katsukidwe ndi zokometsera, koma mtima wake ndi umodzi. Chodabwitsa n'choti ku Korea gopchang si chakudya cha munthu wosauka lero. Ndi yodula ndithu, moti ophunzira amachita kusonkherana.

Chimene chinagwedeza anthu sichinali matumbo okhawo. Gopchang ku Korea ndi chakudya cha usiku, cha gulu, chodyera limodzi ndi mowa wa soju, makamaka anthu akaweruka kuntchito. Malo ambiri owotchera nyama salola n'komwe kuitanitsa mbale ya munthu mmodzi, amati yambirani pa anthu awiri. Kudya wekha, kumene amakutcha honbap, kwa zaka zambiri kunkaoneka ngati chizindikiro choti ulibe anzako. Tsono apa panali mtsikana wa zaka 22, woimba wotchuka, amene ntchito yake imamuuza kuti azioneka ngati sadziwa njala, atakhala yekha masana akudya chakudya cha abambo a kumowa, osachita manyazi. Atsikana ambiri a ku Korea anadziona okha mwa iye, n'chifukwa chake anakadzaza mizere ija.

Sizinathere pa matumbo. Pa pulogalamu yomweyo anadzadyanso ganjang gejang, nkhanu zaziwisi zonyikidwa m'madzi akuda amchere a soya (soy sauce) owiritsidwa ndi adyo, jinja ndi tsabola, n'kuzisiya masiku angapo. Amayamwa mnofu wake, kenako amathira mpunga m'chigoba cha nkhanuyo n'kusakaniza ndi mazira ake achikasu. A ku Korea amaitcha "wakuba mpunga", poti mbale ya mpunga imatha usanazindikire. Ine ndinalawapo kamodzi kwa mayi wina wa ku Korea amene tinkagwira naye ntchito, ndipo ndinene zoona, kukhosi kunakana. Ndinameza chifukwa cha ulemu, mayiwo akundiyang'ana ndi chimwemwe chonse. Koma pano ndikuchenjeze mwamphamvu: usayerekeze kutola nkhanu za mumtsinje n'kuzinyika m'soya kuti utsanzire. Nkhanu za m'madzi opanda mchere zikadyedwa zaziwisi zimatha kupatsa munthu tinyongolotsi timene timakakhala m'mapapo, ndipo mchere wa soya sutipha. Gejang ya masiku ano amakonda kupangira nkhanu za m'nyanja ya mchere, zogwidwa kumene ndi kusungidwa mozizira.

Panalinso gimbugak, ndere zouma za m'nyanja zopakidwa phala la mpunga womata, n'kuziyanika, kenako n'kuzikazinga mpaka zizilira khuchu khuchu m'kamwa. Ndi chakudya cha agogo a kumudzi m'chigawo cha Jeolla, kwawo kwa Hwasa, ndipo nachonso chinayamba kusowa m'masitolo atachidya pa kanema. Mu 2019 anaphika Chapagetti, manudozi a m'paketi a kampani ya Nongshim okhala ndi msuzi wakuda wa nyemba, n'kuthiramo mafuta a truffle, bowa wodula uja wa ku Ulaya, ndi yolk ya dzira pamwamba. Achinyamata anatengera, mpaka kampaniyo inadzatulutsa mtundu wa Chapagetti wothira kale truffle. Ukayang'ana zonsezi uona kuti mtsikanayu amakonda za mchere, za mafuta, za fungo lamphamvu, zakudya za kwawo. Keke ndi saladi sizimene anatchuka nazo.

Tsono za funso lako loti amadya bwanji tsiku ndi tsiku. Apa tisanamizane. Chimene umaona pa kanema ndi chakudya chimodzi, cha tsiku limene kamera inalipo. A ku Korea ali ndi chizolowezi chonse choonera anthu akudya, mukbang, chimene chinayambira pa intaneti cha m'ma 2010, ndipo opanga mapulogalamu amadziwa kuti woimba akamadya mokoma anthu sasintha tchanelo. Palibe munthu wovina maola ambiri pa siteji amene amadya matumbo a mafuta m'mawa, masana ndi madzulo. Chakudya cha masiku onse cha munthu wa ku Korea ndi mpunga, msuzi wotentha, ndi timbale tating'ono ta ndiwo totchedwa banchan: kimchi, nyemba zophukira, sipinachi wothira chitowe, tinsomba touma tokazinga tofanana ndi usipa, tofu (chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya). Masamba amachuluka kuposa nyama. Mpunga amadya ndi sipuni, ndiwo amatola ndi timitengo tachitsulo, ndipo wamng'ono sanyamula sipuni wamkulu asanayambe. Mawu oti bap amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chenicheni, monga mmene kwathu kuno munthu amadyera buledi, mbatata ndi nthochi koma n'kumati "lero sindinadye" poti nsima sanaione. Ngakhale moni wawo wina ndi funso loti "wadya bap?", ndipo akuluakulu amene anaona njala ya pambuyo pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953 amafunsa funsoli ndi mtima wonse.

Koma anzako aja sananame kotheratu. Makampani a K-pop amatenga ana aang'ono, ena asanakwane zaka 15, n'kuwaphunzitsa kuimba ndi kuvina kwa zaka zingapo, ndipo kukwera pa sikelo kawirikawiri pamaso pa akuluakulu ndi mbali ya moyo umenewo. Za apulo wamva zija zinachokera kwa woimba wina, IU, amene kadyedwe kake ka nthawi ina kanafala pa intaneti: apulo m'mawa, mbatata masana, chakumwa cha mapulotini madzulo. Atsikana ambiri anatengera, ena mpaka lero. Chimene satchula pofalitsa ndandanda imeneyo n'choti IU yemweyo anadzaulula poyera kuti anavutikapo ndi matenda a kadyedwe mpaka kulandira chithandizo. Oimba angapo akomokapo pa siteji anthu akuona. Umenewo si mwambo wa kadyedwe ka ku Korea, ndi nkhanza za pantchito, ndipo agogo a ku Jeonju atakuona ukudya apulo mmodzi tsiku lonse akhoza kukuthamangitsa ndi chikombe.

Hwasa naye anadutsa m'moto womwewo. Wafotokozapo pamaso pa omutsatira kuti ali wamng'ono, mphunzitsi wina pa mayeso a kuimba anamuuza kuti mawu ali nawo koma ndi wonenepa ndiponso si wokongola. Mamamoo itangoyamba, panali anthu amene ankalemba pa intaneti kuti achotsedwe m'gululo chifukwa cha maonekedwe ake, khungu lake loderako ndi ntchafu zake. Yankho lake linali loti ngati sakukwana pa muyeso wa kukongola umene anthu anaika, iye adzakhala muyeso wina. Mu 2023, atasamukira ku kampani ya P Nation ya woimba wina wotchuka, Psy, nyimbo yoyamba imene anatulutsa inali I Love My Body. Sindikunena kuti iye sasamala za thupi lake. Ndi munthu wa pa siteji, amachita masewera olimbitsa thupi, thupi lake limasintha nyengo ndi nyengo ngati la wina aliyense. Koma kutenga dzina la munthu ameneyu n'kulisandutsa chifukwa chodzimanira chakudya, mng'ono wanga, ndiko kumva nyimbo koma osamva mawu ake. Ngati thupi likukudetsa nkhawa pa zifukwa za umoyo, pita ukaonane ndi adokotala kapena anamwino, akuyeze, akulangize molingana ndi thupi lako. Mayeso a ku koleji salembeka ndi m'mimba mopanda kanthu.

Za kupeza zakudyazi kuno, zina n'zosavuta kuposa mmene ukuganizira. Gochujang, phala lofiira la tsabola la ku Korea, ndi ndere zouma, zimenezo n'zofunika kusakasaka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Asia ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo mtengo wake si wa thumba la mwana wa sukulu. Koma adyo, anyezi, jinja, chitowe, tsabola, kabichi ndi mpunga wa Kilombero zonse zili pa msika wa Zomba. Kimchi yeniyeni amapangira kabichi wamtali wa masamba ofewa, koma kabichi wathu wozungulirayu amathekanso. Mudule, mumuwaze mchere wambiri, adikire maola awiri kapena atatu mpaka afote, mutsuke, kenako musakanize ndi adyo wosinja, jinja, tsabola wofiira wouma, shuga pang'ono ndi anyezi wa masamba. Samala ndi tsabola: wa ku Korea ndi wofatsa, amathira wodzaza manja, koma ukachita zimenezo ndi kambuzi ulira. Kanikizira m'botolo loyera, usadzazitse mpaka pakamwa chifukwa amatulutsa mpweya, ulisiye pamthunzi. Kotentha ngati kwathu kuno tsiku limodzi kapena awiri akwana kuti ayambe kuwawasa, kenako m'firiji.

Gopchang yako ili kwa abutcha. Lawirira m'mawa tsiku limene apha ng'ombe, upemphe matumbo aang'ono, osati aakulu. Uwafikise ndi ufa wa tirigu ndi mchere, utsuke kangapo, uwawiritse pang'ono ndi jinja ndi adyo kuti afewe ndiponso apse bwinobwino m'kati, kenako pa chiwaya chotentha ndi anyezi wambiri. Usathire mafuta, atulutsa okha. Ngati mafuta a chitowe wasowa, kazinga chitowe, usinje ndi mchere, uziviikamo. Mpunga wa mkute usautaye, ndi umene ulowe m'chiwaya pomaliza.

Ukaphika undilembere, ndipo anzako okuseka aja uwaitane adzakande nawo nkhoko.