Mapepala omata pakhoma aja muziwawerenga

Achimwene ndi achemwali amene mwangofika kuno ku America n'kuyamba sukulu pa community college, koleji ya zaka ziwiri, zomwe zili m'mutu mwanu ndikuzidziwa: ma credit 12 (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro) omwe visa ya ophunzira ya F-1 imafuna pa semesita, ganyu wa pasukulu wosapitirira maola 20 pa sabata, lendi, ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Zina zonse mumaziona ngati zotayitsa nthawi. Nanenso chaka choyamba ndinkangodutsa mapepala olengeza mutu wa chaka, ndikumati izi n'za ana a kuno amene makolo awo amawalipirira chilichonse.

M'makoleji ena a zaka ziwiriwa, aphunzitsi a humanities, kutanthauza mbiri yakale, mabuku, filosofi ndi zipembedzo, amagwirizana mutu umodzi woti ukambidwe chaka chonse. Kenako amaitana alendo: wolemba mabuku, mtolankhani, pena munthu wamba amene nkhaniyo inamugwera. Kawirikawiri pakhomo salipiritsa.

Chaka changa chachiwiri mutu unali madzi. Ndisaname, chinandilowetsa m'holo yomwe alendo ankalankhulira ndi pitsa yaulere ndi timalikisi towonjezera tomwe mphunzitsi analonjeza. Mayi wina anafotokoza za Flint, mzinda wa ku Michigan, kumene mu 2014 akuluakulu anayamba kupopa madzi mumtsinje wa Flint pofuna kuchepetsa ndalama. Madziwo anadya mapaipi akale, mtovu n'kulowa m'madzi omwe ana ankamwa. Mayiyo anatulutsa m'chikwama botolo la madzi ofiirira ngati a m'chithaphwi, n'kuliimika patebulo osanena kanthu. Ine wokulira pamjigo, amene ndinkayesa kuti madzi oipa ndi vuto la kwathu kokha, ndinagwira pakamwa.

Ndinakweza dzanja, mawu akunjenjemera. Ndinati kwathu mjigo ukawonongeka komiti ya m'mudzi imasonkhetsa ndalama khomo ndi khomo, nanga kuno anthu amadandaula kwa ndani? Potuluka, mphunzitsi wa mbiri anandiimitsa n'kundifunsa dzina. Ndi yemweyo amene anadzandilembera kalata yondichitira umboni pomwe ndinkasamukira ku yunivesite ya zaka zinayi. Kalata imeneyi mudzaifuna, ya sikolashipu mudzaifunanso, ndipo mphunzitsi amene amangoona dzina lanu pamndandanda alemba mizere itatu yozizira basi.

Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sumudula, sumufunsa. Kuno ukakhala duu amayesa kuti sunamvetsere. Funsani, ngakhale Chingerezi chikhote pang'ono. Koma chenjerani ndi funso lija loti "nanga ku Africa zimakhala bwanji?" Simunatumidwe ndi mayiko 54. Nenani za ku Dedza kapena ku Nsanje komwe mukukudziwa, muthere pomwepo.

Mwezi wa February, womwe amakumbukira mbiri ya anthu akuda, musajombe. Ambiri timabwera titamva kale mbiri zoipa za abale athu akuda a kuno, n'kumawaweruza tisanamve za ukapolo, za malamulo a tsankho a Jim Crow, za mabanki omwe ankakana kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'madera mwawo. Ine zimenezi ndinazimvera m'holo momwemo, ndipo ndinachita manyazi ndi zina zomwe ndinkalankhula poyamba.

Nkhani zina zimatentha, makamaka za ndale ndi za anthu obwera ngati ife. Kumvetsera ndi kufunsa palibe vuto. Koma anzanu akati tiyeni kumsewu ndi zikwangwani, kumbukirani kuti iwo ali ndi pasipoti ya kuno, inu muli pa visa.

Ndandanda ya alendo imatuluka semesita ikamayamba. Ijambuleni pafoni, muwauziretu abwana anu kuti musinthane shifiti ndi mnzanu, ndipo mukalowa lembani dzina papepala la pakhomo, chifukwa aphunzitsi ena amaonera pomwepo popereka malikisi aja.