Munalipira Vitz ya 2014, pa Songwe pafika ya 2008: musailembetse kaye

Mayi, mwalemba kuti ndinu mphunzitsi ku Mzuzu. Munatenga ngongole n'kupatsa mnyamata wina woitanitsa magalimoto ku Japan ndalama zonse za Toyota Vitz ya 2014. Galimotoyo yafika pa chipata cha Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam, koma alamu anu atapita kukaiona apeza kuti nambala ya chasisi ikuyamba ndi KSP90, ndipo kansalu ka pa lamba wodzimangira pampando kalembedwa 2008. Mnyamatayo akuti musadandaule, pa mapepala a msonkho alembetsa 2014 yomweyo. Mukufunsa ngati ndalama zanu zingabwerere.

Alamu anuwo ali ndi diso. Vitz ya KSP90 anasiya kuipanga ku Japan mu 2010, ndipo ya 2014 chasisi yake imakhala ya m'gulu la 130, monga KSP130. Kansalu ka lamba n'kothandiza, koma musadalire iko kokha chifukwa lamba amatha kusinthidwa. Umboni umene ndingapite nawo kukhoti ndi export certificate, chikalata chomwe boma la Japan limapereka galimoto ikamatuluka m'dzikomo. Chimaonetsa chaka chomwe galimotoyo inalembetsedwa koyamba, koma mowerengera zaka za ufumu wa kumeneko. Mukaona Heisei 20, onjezanipo 1988, mupeza 2008. Ya 2014 ikanalembedwa Heisei 26. Pa chikalata chomwecho pamakhalanso makilomita omwe anawerengedwa galimoto ikuyesedwa ku Japan, ndiye muyerekeze ndi omwe akuoneka pa dashibodi panopa. Wonama chaka sachedwa kubwezanso makilomita.

Lamulo la Sale of Goods Act limati katundu akagulitsidwa pomufotokoza, wobwerayo ayenera kufanana ndi zomwe zinafotokozedwazo. Chaka cha galimoto chili pakati penipeni pa kufotokozako, chifukwa ndicho chimapanga mtengo. Choncho muli ndi ufulu wokana galimotoyi n'kufuna ndalama zanu zonse. Koma ufulu umenewu umatha msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Lamulo lomwelo limakuonani ngati mwalandira katundu mukamuuza wogulitsa kuti mwalandira, mukamuchita zinthu zosonyeza kuti tsopano ndi wanu, kapena mukakhala naye nthawi yaitali osanena kuti mwamukana. Mukapita ku Road Traffic kukatenga blue book m'dzina lanu, n'kuiika pamsewu ngati takisi miyezi itatu, loya wa mnyamatayo adzauza khoti kuti munailandira ndi manja awiri. Zikatero chotsala n'chipukuta misozi chokha, kusiyana kwa mtengo wa Vitz ya 2014 ndi wa ya 2008, ndipo galimotoyo ikhalabe yanu. Ndaonapo anthu akutaya mlandu wabwino chifukwa chongofuna kuti galimoto ifike kaye pakhomo ana aione, ndipo zimandiwawa chifukwa kalata imodzi yolembedwa pa nthawi yake ikanawateteza.

Za kulembetsa 2014 pa mapepala a msonkhozo muzikane lero lomwe, ndipo mukane polemba. Msonkho wa galimoto zakale ku MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, ndiye chaka chabodza chimasintha ndalama zomwe boma likuyenera kulandira. Pansi pa Customs and Excise Act kulemba chaka chabodza ndi mlandu, galimoto itha kulandidwa ndipo chindapusa chimatsatira. Ngati pa bill of lading, chikalata cha katundu wobwera pa sitima, pali dzina lanu, woitanitsa katundu pamaso pa MRA ndinu, ndipo kunena kuti analemba ndi ejenti sikukuchotsani m'nkhaniyo. Mungasanduke wolakwa pa nkhani yomwe olakwiridwa ndinu.

Pali funso lina lomwe yankho lake lili m'mauthenga anu a pa WhatsApp: munagwirizana ndi ndani? Ngati mnyamatayo anakutchulirani mtengo wake wa galimoto yofika kuno, ndalama n'kulowa mu akaunti yake, iyeyo ndi wogulitsa ndipo zonse ndanena pamwambapa zikumugwira. Ngati munasankha nokha galimoto pa intaneti, invoisi n'kubwera m'dzina lanu kuchokera ku kampani ya ku Japan, iye n'kungodya kangachepe kokuthandizani, ndiye kuti wogulitsa ali kutsidya la nyanja, ndipo kumusumira kumeneko kungadye ndalama zoposa galimotoyo. Ngakhale zitatero mnyamatayo sanapulumuke. Wotumidwa amayenera kuchita zomwe watumidwa mokhulupirika, ndipo ngati anagula yakale yotchipa n'kuika zotsalazo m'thumba, ayenera kuzibweza. Muuzeni akupatseni invoisi ndi umboni wa ndalama zomwe anatumiza kubanki.

Sabata ino mulembereni kalata yonena kuti galimoto ya chasisi yakutiyakuti mwaikana chifukwa si ya 2014 yomwe munagwirizana, ndipo mukufuna ndalama zanu pasanathe masiku 14. Asainire kope lanu, kapena mutumize m'njira yosiya umboni. Sungani malisiti, zithunzi zomwe anakutumizirani poyamba, ndi mauthenga onse osafufuta ngakhale umodzi. Masikuwo akadutsa, mutha kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe lomwe limamva madandaulo a ogula onamizidwa, kapena kutenga samani kukhoti. Khoti loyenera limatengera kuchuluka kwa ndalamazo, ndipo akalaliki a kukhoti ku Mzuzu akuuzani koyambira. Limitation Act imakupatsani zaka 6 zosumira pa mgwirizano wophwanyidwa, koma zakazo n'zosumira basi, sizikutalikitsa nthawi yokanira galimoto.

Kupolisi mutha kupitanso ngati pali umboni woti ankadziwa kuti akukunamizani potenga ndalamazo, chifukwa kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu mu Penal Code. Dziwani kuti mlandu wa kupolisi cholinga chake chachikulu n'kulanga wolakwa, ndiye usakulepheretseni kutsata ndalama zanu kukhoti la milandu ya pakati pa anthu.

Chovuta n'choti galimotoyo ikamakhalitsa pa chipata, ndalama zosungira zimakwera tsiku ndi tsiku, ndipo katundu wosaomboledwa MRA imatha kumugulitsa pa okushoni. Ngati mapepala ali m'dzina lanu ndipo mnyamatayo akuzengereza, iomboleni ndi chaka chake chenicheni cha 2008, mutamulembera kaye kuti mukutero pofuna kupewa kuluza zambiri ndipo kukana kwanu kudakalipo. Ikafika ku Mzuzu iimikeni pamalo otetezeka, mujambule makilomita a tsiku limenelo, ndipo malisiti a msonkho ndi a kusungirako muwaphatikize pa ndalama zomwe mukumufuna.