Vuto lili m'magazi, nanga mwana akuliriranji mafupa?

Agogo ena andilembera imelo. Mdzukulu wawo wa zaka zinayi anamupeza ndi matenda a sickle cell, ndipo kuchipatala anawauza kuti vuto lili m'maselo ofiira a magazi. Ndiye akufunsa kuti ngati ndi magazi, bwanji mwana amalira miyendo ndi msana, maso n'kumachita chikasu? Akuti achibale ena ayamba kale kunong'onezana kuti alipo wachita chipongwe.

Agogo, palibe walodza mwana. Zonse mwatchulazi gwero lake ndi limodzi, koma kuti tilione tiyambire pansi penipeni.

Thupi limamangidwa ndi maselo, tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso. Maselo ofanana akasonkhana amapanga minofu, mafupa kapena magazi. Izi zikalumikizana zimapanga ziwalo monga mtima, impso ndi kapamba, ndipo ziwalozo zimadalirana kuti munthu akhale moyo. Ana asukulu amangoloweza mndandandawu pofuna kukhoza mayeso, komatu chosokonekera pansi chimakwera mpaka pamwamba.

M'selo lofiira muli puloteni yotchedwa haemoglobin, yomwe imanyamula okosijeni kuchokera m'mapapo. Limodzi mwa magawo ake ndi mkufu wa tizidutswa 146. Mwa mdzukulu wanu, kachidutswa kachisanu ndi chimodzi kokha ndiko kanasinthika. Kamodzi basi. Wasayansi Vernon Ingram ndiye anatulukira kusiyana kumeneku ku Cambridge, ku England, mu 1956.

Selo labwinobwino ndi lobulungira komanso lofewa. Likafika m'timitsempha tochepetsetsa limapindika n'kudutsa, maselo ali pamzere limodzilimodzi. Koma haemoglobin yosinthikayi ikangotula okosijeni imamatirirana, selo n'kuuma, n'kukhota ngati chikwakwa. Lotere limakodwa panjira, anzake n'kuunjikana kumbuyo. Mnofu kapena fupa lomwe lili kutsogolo limasowa mpweya, ndipo ululu mukuuonawo ndi umenewo. Fupatu si chinthu chakufa ayi, lili ndi maselo ndi mitsempha yake, ndipo m'kati mwake ndimo magazi amapangidwira. Kwa makanda zimayamba ndi kutupa kwa zala za m'manja ndi m'mapazi.

Za maso achikasu, selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pomwe lokhotali limafa pakati pa masiku 10 ndi 20. Mafupa amalephera kubwezera mwachangu, mwana n'kuchepa magazi. Zotsalira za maselo akufawo zimachulukira chiwindi, ndiye chikasucho.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi kapamba, chifukwa sachita phokoso. Ntchito yake ndi kusefa magazi ndi kugwira tizilombo, koma mwa ana ambiri odwala matendawa amakhala atawonongeka asanakwanitse zaka zisanu. N'chifukwa chake madokotala amapereka penicillin wa tsiku ndi tsiku ndi mankhwala oteteza malungo. Thupi likangotentha musadikire kuti kuche, thamangani naye kuchipatala. Azimwa madzi ambiri, ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July azivala zofunda, poti ludzu ndi kuzizidwa zimaputa ululu. Mufunsenso ngati mankhwala a matendawa otchedwa hydroxyurea akupezeka komwe mumapitako.

Achibale aja muwauzenso ichi, makamaka ngati akuloza chala mayi wa mwana: malangizo opangira haemoglobin mwana amatengera kwa onse awiri, bambo ndi mayi. Wotengera malangizo osinthikawo mbali imodzi yokha nthawi zambiri sadwala, mwinanso sadziwa n'komwe. Ndipo mu 1954 wasayansi Anthony Allison, yemwe anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu otere amatetezeka ku malungo oopsa, n'chifukwa chake chibadwachi chinafala kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno. Makolo onse awiri akakhala nacho, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Choncho ngati mdzukulu wanu ali ndi azing'ono kapena akulu ake, kapempheni kuti nawonso awayeze.