Kodi dzina loti Keziya likutanthauza chani?

Funso: Akonzi, apongozi anga amutcha mwana wanga wamkazi Keziya ati linali dzina la agogo awo, koma ine sindinalimvepo, kusikelo ena amalemba Kezia ena Kesiya. Lidachokera kuti dzinali?
Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, apongozi anuwo asankha bwino zedi. Dzinali ndi lachiheberi, lili pa Yobu 42:14. Mavuto aja atatha Yobu anaberekanso ana amuna 7 ndi aakazi 3, Yemima, Keziya ndi Kerenihapuki, ndipo taonani, amunawo mayina awo sanatchulidwe nkomwe koma atsikanawa ndi amene.

Keziya ndi kasiya, mtengo wa khungwa lonunkhira, m'bale wake wa sinamoni uja ena amathira mu tiyi. Kalelo sichinali chinthu wamba, pa Salimo 45:8 zovala za mfumu zikununkhira kasiya yemweyu.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi vesi 15, akuti m'dziko lonse munalibe akazi okongola ngati iwowa komanso bambo awo anawapatsa cholowa limodzi ndi alongo awo, pamene nthawi imeneyo chuma chinkapita kwa ana amuna.

Za kalembedwe, sankhani kamodzi ndipo pa buku la kusikelo ndi pa chiphaso chobadwira pafanane, kuti asadzavutike kusukulu.